Anangoti Mafuta

Kontena si nyumba. Ndi bokosi lachitsulo losungiramo simenti ndi malata, ndipo m'chilimwe cha ku Tete, mvula isanagwe, ngakhale buluzi saponda padenga pake dzuwa likakwera. Agogo Tomásia anaonapo nkhuku imene inaiwalidwa m'kontena tsiku limodzi lokha. Anaitulutsa madzulo itauma gwa, mlomo uli yasa. Tsono m'mawa wa Loweruka limenelo, m'kontena yobiriwira ya kuseri kwa sitolo ya a Gaspar, ku dera la Francisco Manyanga, munali mdzukulu wawo Yuran.

Anamutsekeramo dzulo lake madzulo. A Gaspar, eni sitolo ndiponso eni galimoto imene Yuran ankayendetsa, ananena pamaso pa antchito onse kuti mnyamatayo adzatuluka akatchula anzake amene anaba nawo jenereta, ndipo mwana wawo Dino ndiye anakhoma loko. Wina akanathamangira kupolisi. Agogo sakanatero. Yuran anabadwira kutsidya kwa malire, pamene mayi ake anachoka ku Angónia kukachira ku chipatala cha ku Malawi, ndipo mpaka lero alibe chitupa cha dziko lililonse. Layisensi imene ankayendera inali ya msuweni wake amene anamwalira. A Gaspar ankazidziwa zimenezi. N'chifukwa chake anamulemba ntchito, n'chifukwa chakenso sanaope kumutsekera. Munthu wopanda chitupa asamaitane yunifolomu ngakhale nyumba yake ikupsa, poti wodzazimitsa motoyo ndi yemweyo amafunsa kuti kodi iwe ndiwe yani.

Agogo anagwada pangodya pamene dzimbiri linaboola kabowo kolowa chala, n'kuikapo pakamwa. Anamuuza kuti avule malaya, asatsamire chitsulo, agone pansi pakatikati, ndipo madzi a m'botolo limene anamupatsa asawagugudize, azingonyowetsa lilime. Kenaka anati anene zonse kuyambira pageti, asalumphe kanthu, chifukwa chimene munthu amalumpha ndi chomwe chimadzamukola.

Mawu a Yuran anabwera ochepa, ngati ochokera pansi pa chitsime. Anati ananyamuka Lachisanu m'mawa atanyamula jenereta yaikulu yopita ku malo ena odyera a anthu a ku migodi ku Moatize. Potuluka pageti galimoto inali bwinobwino. Pa mlatho wa Zambezi inayamba kulemera ngati wina waigwira mchira. Akaponda moto inkangobuula osathamanga. Atadutsa Matundo anaona pagalasi utsi ukutuluka kumbuyo, woyera wobiriwirako, wonunkha ngati chiguduli chopsa. Asanapeze poima, injini inayamba kukuwa yokha, phazi lake lili pambali.

“Ndinazimitsa, agogo. Kiyi ndinamuzula, anali m'manja mwangamu. Koma iyo inkalirabe.”

Agogo anachotsa khutu pakabowo. Galimoto yolira kiyi ali m'manja mwa munthu, kwawo ku Domwe anthu sakanavutika n'kufunsa makaniko, akanadziwa kopita. Koma anameza mawuwo n'kumuuza kuti apitirize.

Anati anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse, n'kuikankhira giya yapamwamba, mpaka inadzidzimuka n'kufa. Utsi unali utatseka msewu wonse. Poganiza kuti ndi moto, anathamangira ku nyumba za m'mbali kukapempha madzi. Pobwera ndi ndowa anapeza zingwe zitadulidwa, kumbuyo kuli pululu. Agogo anafunsa ngati panali amene ankamutsatira. Anati inde, kalole koyera kanali kumbuyo kwake kuchokera pamlatho, ndipo sikanamupitirire ngakhale iye ankayenda ngati nkhono. Anafunsanso ngati anathirapo kanthu m'injini. Iyayi. Anayeza Lachinayi m'mawa, zonse zinali pamzere wake.

Mthunzi wa munthu unagwera pachitsulo. Anali a Gaspar, thaulo pakhosi, kiyi wa loko akulendewera palamba. Agogo sanadzuke, anangotembenuka chogwada, anawomba m'manja, n'kunena kuti mwanayo Lachinayi anagona kunyumba ku Degue, chitseko anapiringidza okha ndipo mphasa yawo imakhala pakhomo penipeni, moti palibe angatuluke osawaponda. A Gaspar anaseka. M'Chinyanja chawo cholemera ndi Chinyungwe anati chibadwire sanamvepo gogo akunena kuti mdzukulu wake anagona kunja. Makaniko wawauza kuti munthu anachita kuthira dala olyo wochuluka, mafuta ofewetsera injini aja, ndipo amene amatsegula boneti ndi dalaivala. Mwana wawo Dino, anati, walawira ndi anzake kukafunafuna jenereta m'misika, pomwe wakubayo ali phee m'kati muno.

“Patarau, dzuwa likubwera. Mwanayu apsa,” anatero agogo, kuwatchula bwana m'Chipwitikizi.

“Dzuwalo limufunsa bwino kuposa ine, Vovo,” anayankha a Gaspar, Vovo kutanthauza gogo.

* * *

Agogo ankaopa chopela, tinjinga tamoto ta miyendo itatu tija, ndipo ankachenjeza aliyense kuti kanthu kopanda zitseko sikayenera kunyamula munthu amene ali ndi ana. Tsiku limenelo anakwera, atatsinzina, akugwira chitsulo ndi manja onse, mpaka ku dera la Filipe Samuel Magaia kumene anakokera galimoto ija.

Makaniko wake, Mestire Agostinho, ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa bwemba, mimba pamtunda, akutafuna masawu ouma n'kumalavulira nthanga m'chitini. Atamva kuti ndi gogo wa dalaivala, anawakunkhunizira tayala kuti akhalepo. Agogo anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu ngati galimotoyo anaiponyera zinthu.

“Ufiti? Ayi, Vovo. Iyi yadwala kukhuta.”

Anasolola m'injini kawaya kakatali kamene anati ndi vareta, n'kuwaonetsa timizere tiwiri kumapeto kwake. Olyo, anati, amayenera kulekeza pakati pa timizereto. Dzulo poyeza anapeza kawayako katanyowa mpaka kumtunda, pafupi ndi chogwirira. Analoza beseni lodzaza ndi mafuta akuda, pambali pake chidebe chodzazanso, n'kunena kuti zonsezo wazikhetsa m'galimoto imodziyi. Beseni lokhalo ndiye chakudya chake. Chidebecho ndi mphatso ya munthu wina wowolowa manja.

Ankafotokoza akuseka, ngati akusimba za mnzake woledzera. Pansi pa injini, anati, pali chitsulo chopindikapindika chimene chimazungulira pamwamba pa olyo osamukhudza. Olyo akachuluka, chitsulocho chimayamba kumutakasa ngati mthiko mpaka asanduka thovu, ndipo thovu silifewetsa chitsulo. Mphamvu zimatha, galimoto imalemera. Kenaka thovulo limasowa kopita, limakwera ndi kapaipi kopumira n'kulowa kumene injini imakokera mpweya. Anatulutsa sefa ya mpweya n'kuikweza m'mwamba, ikudontha. Utsi wobiriwirako uja ndi olyo akupsa. Ndipo injini ya gazolyo ndi yadyera: ikalawa olyo wake imayamba kumumwa, n'kumathamanga yokha.

“Kiyi amatseka gazolyo basi, mafuta a mu thanki. Tsono iyi inali itamusiya kale gazolyoyo, ikumwa magazi ake omwe. Mnyamata wanu akanapanda kuipha ndi giya, bwenzi tikutola zidutswa mumtsinje.”

Agogo sanaseke. Munthu wokonda kuseka amabisa zambiri m'manomo, ndipo iwo anamuyang'ana kaye mpaka anasiya kutafuna. Anafunsa kuti amene amasintha olyo wa galimotoyi masiku onse ndani. Mestire anadziloza pachifuwa: iye, ndipo anasintha mwezi watha. Anafunsa ngati dzanja lake silinalemere tsiku limenelo. Apa Mestire analavula nthanga kutali, n'kunena kuti akanakhala iye, utsi ukanatuluka galimoto isanakhote pangodya apo. Galimoto yokhuta chonchi siyenda mwezi, siyenda ngakhale tsiku. Ingotentha basi n'kuyamba kusanza. Amene anathira anathirira pamene inagona, Lachinayi itaima kale kapena Lachisanu isananyamuke. Ndipo jenereta ija, anawonjezera, si chikwama choti wodutsa m'njira angatole. Pamafunika amuna angapo ndi galimoto yodikira, anthu odziwiratu kuti lero kufuka utsi.

Agogo anadzuka n'kusuzumira m'boneti, manja kumbuyo kuopa kukhudza. Sankadziwa dzina la kanthu kalikonse m'menemo, koma fumbi ankalidziwa. Paliponse panali fumbi la malasha lomatirira, lakuda bii. Malo amodzi okha, kuzungulira chitsekerero cha pothirira olyo, panali poyera, popukutidwa mosamala mpaka m'timakona, ngati mbale ya mlendo.

“Mwapukuta ndinu apa?”

“Ine? Onani manja angawa. Ndinapeza chomwecho. Wakuba wanu ndi waukhondo, Vovo.”

Yuran anali asanapukutepo ngakhale mbale yake yodyera. Koma pabwalo la a Gaspar panali munthu mmodzi amene ankapukuta ngakhale loko wa pageti.

* * *

Pobwerera anapeza mthunzi wa sitolo utachoka kale pakontena. Anagogoda ndi mwala, poti chitsulo sichinkagwirikanso ndi dzanja. Yuran anachedwa kuyankha; anati madzi atha ndipo mutu ukugunda. Agogo anathyola phesi la tsamba la papaya kuseri kwa mpanda, analowetsa pakabowo, n'kumavumata madzi a pampopi ndi kuwauzira m'phesimo ngati mbalame yodyetsa mwana. Ambiri ankatayikira pansi, n'kuuma asanafike patali. Anamuuza kuti aike mphuno pakabowo, asalankhulenso, ndipo asalire, poti misozi nayo ndi madzi.

A Yohane, mlonda, anali m'kachisakasa kawo pafupi ndi geti. Anali nkhalamba ya ku Mwanza, yoonda, yopepesa ngakhale munthu akaiponda phazi, ndipo m'mawa uliwonse asanaweruke ankatsuka galimoto. Masana ankagona, koma lero anali khale pabenchi, chipewa m'manja, maso ku kontena. Pachingwe kuseri kwawo panali kansanza kochapidwa, koma sopo anali atalephera kuchotsa banga lachikasu lonyezimira.

Agogo anakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kufunsa za miyendo yawo, za ana a ku Mwanza, za mvula yochedwa. Munthu wamantha safunsidwa molunjika. Amathawira m'bodza ngati mbewa ku una, ndipo kumutulutsamo kumafuna kukumba tsiku lonse. Kenaka anayang'ana kansanzako nthawi yaitali, mpaka a Yohane nawo anatembenuka n'kukayang'ana.

“Pepani, Anambewe,” anatero, kuwaitana ndi mfunda wawo. “Pepani ndithu. Ine ndinkati ndikugwira ntchito.”

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, yodzaza ndi mapepani. Lachisanu m'mawa, Yuran asanafike, iwo akutsuka galimoto, kunabwera Dino. Anatsegula yekha boneti, anaika pamwamba pa injini chigubu chatsopano cha olyo, n'kunena m'Chinyanja kuti bambo akuti muthire mafuta, onse, musasiyeko. Ananena akuyenda, foni pakhutu. A Yohane anathira onse monga anauzidwa, anapukuta pamene panadonthera, n'kutseka. Madzulo, nkhani ya utsi itamveka, Dino anawakokera kuseri n'kuwatukwana. Anati iye ankanena mafuta oyendera, gazolyo wa m'chigubu chachikulu chimene chimakhala kukhoma, woti athire mu thanki. Cha olyo chija anangochikhazika poti chinamulemera m'manja. Anati nkhalamba yopusa yapha galimoto ya bambo, ndipo ikangotsegula pakamwa idzafera m'ndende ya dziko la eni.

Agogo anauona msamphawo, ndipo anaona kuti unatcheredwa pa lilime. Anthu a mu Tete ali ndi mawu awiri, gazolyo wa mu thanki ndi olyo wa mu injini. Chinyanja chili ndi amodzi. Ophikira ndi mafuta, odzola ndi mafuta, a nyale ndi mafuta, a galimoto kutsogolo ndi kumbuyo komwe ndi mafuta. Munthu amene masiku onse amakulalatira m'Chipwitikizi akakulamula tsiku lina m'chilankhulo chako, usafulumire kukondwa kuti wakulemekeza. Funsa kaye.

“Musanditchule, Anambewe. Ndilibe kopita.”

Agogo sanayankhe, ndipo a Yohane anayesa kuti kusayankhako ndi lonjezo. Maganizo a agogo anali atapita ku Degue, ku thalauza limene ananyika m'beseni madzulo a Lachinayi. Yuran anafika akununkha gazolyo kuyambira m'bondo mpaka kuphazi, ndipo iwo anamuthamangitsa pafupi ndi mbaula, kumufunsa ngati akufuna kuwaotchera nyumba. Iye anangoti zatayikira pa bomba, pomwetsera mafuta paja. Koma gazolyo satayikira pamwendo pa munthu thanki ili ndi njala.

* * *

Pa bomba pamene galimoto za a Gaspar zinkamwera sipanali patali, koma phula linali litafewa, likumata pansi pa mapatapata, ndipo agogo anafika lilime litauma ngati chikopa. Panali mtsikana wotchedwa Isménia, wa pakamwa posachedwa, amene ankalankhula ndi anthu angapo nthawi imodzi, paipi ili m'manja. Poyamba anauza agogo kuti achoke padzuwa, pano sagulitsa parafini. Atamva dzina la Yuran anaima. Atamva la Dino anatsonya.

“Wa nsapato zoyera uja? Vovo, musandiyambitse.”

Koma anali atayamba kale. Lachinayi madzulo, anati, anabwera awiri, Yuran akuyendetsa, Dino ali pambali ngati nduna. Iye anathira mpaka paipi inadzitseka yokha, kusonyeza kuti yadzaza. Nthawi yonseyo Dino ankamupempha nambala ya foni, iye akukana, mpaka mnyamatayo anati mtsikana woumira nambala amaumiranso mafuta. Anamulanda paipi, anagwedeza galimoto ndi phewa kuti mulowe ena, anafinya mpaka gazolyo anabwerera pakamwa pa thanki n'kusefukira pa thalauza la Yuran ndi pa nsapato yoyera ija. Ndiye anatembenuka n'kumutukwana iye, Isménia, pamaso pa makasitomala, kuti sadziwa ntchito.

Agogo anafunsa ngati mu thanki yotero mukanalowa chigubu china m'mawa mwake. Isménia anaseka mpaka dalaivala wa minibasi amene ankadikira analiza hutala. Anamuuza kuti akafuna changu akamwe ku Zambezi. Chigubu? Ngakhale supuni, anatero. Agogo anafunsanso ngati anganene zimenezi pamaso pa a Gaspar. Anati abwere, abwere ndi mwana wawoyo ndi nsapato zake zomwe, adzawaonetsa pamene anaima. Kenaka anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana agogo, kuseka kuja kutatha.

“Mwati ali m'kontena kuyambira dzulo? Vovo, mukuchedweranji pano?”

* * *

Dzuwa linali litaima pamutu. Mpweya unkavina pamwamba pa kontena ngati pamwamba pa ng'anjo ya njerwa. Agogo anagogoda ndi mwala. Anaitana dzina lake, anaitananso dzina la ubwana limene iye ankadana nalo. Sanayankhe.

A Gaspar anali pakhonde la sitolo, akudya nsomba pansi pa fani. Agogo anadzera kaye pageti n'kugwira a Yohane pamkono. Nkhalambayo inawayang'ana ngati mbuzi yozindikira chingwe, koma inatsatira, poti moyo wake wonse inali isanakanepo kuitanidwa.

Munthu wamkulu sauzidwa kuti mwana wake ndi wakuba. Ukamuuza amatseka makutu, ndipo pamodzi ndi makutuwo amatseka chilichonse chimene kiyi wake ali naye. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Choncho agogo anagwada chapatali, n'kunena kuti iwo sukulu sanaione, akungofuna patarau awathandize kumvetsa. Kodi Lachinayi madzulo anatuma ndani kukamwetsa galimoto? A Gaspar, akuchotsa minga, anati Yuran ndi Dino. Kodi inabwera yodzaza? Anati Dino anawauza yekha kuti yadzaza mpaka yamuonongera nsapato. Kodi Lachisanu m'mawa analamula kuti muthiridwe mafuta ena? Anati alamuliranji, thanki ili yodzaza?

“Nenani, a Yohane,” anatero agogo.

A Yohane ananena, maso pansi, chipewa chikuzungulira m'manja: boneti yotsegulidwa, chigubu pamwamba pa injini, bambo akuti muthire mafuta onse, ndi zija za madzulo zoti ankanena gazolyo wa mu thanki. Pamene ankamaliza, a Gaspar anali atasiya kutafuna. Agogo anawonjezera, ngati akungodzilankhulira, za kalole koyera kamene kanakana kupitirira galimoto yodwala. Chikope cha a Gaspar chinaphethira, ndipo agogo anadziwa kuti kaloleko si kachilendo pabwalo pano. Anaona nkhope yawo ikuyenda njira yonse imene iwo anayenda chiyambire m'mawa, kuchokera pa bomba, kudzera pa boneti, mpaka kutsidya kwa mlatho. Kenaka nkhopeyo inatsekeka.

“Ndiye kuti wathira ndi mlonda,” anatero a Gaspar. “Wavomera yekha.”

Anasamba m'manja mosafulumira n'kupita ku kontena. Loko anali atatentha moti anamugwira ndi thaulo. Chitseko chitatseguka, mpweya unatuluka ngati wa mu uvuni wa buledi. Yuran anali chafufumimba, nkhope pakabowo. Antchito a m'sitolo anamukokera pamthunzi, agogo akuwakalipira kuti asamuthire madzi a mufiriji, ayambe ndi chinsanza chonyowa pakhosi ndi m'khwapa, ndipo asamumwetse mpaka atameza yekha malovu. Milomo inali itang'ambika, khungu lili gwa, lopanda thukuta. Patapita nthawi chikope chinagwedezeka, anakhosomola, n'kufunsa ndi mawu a munthu wina ngati galimoto yazima.

Agogo akanatha kumutenga pamenepo n'kumapita. Geti linali lotsegula, chopela chinali pamsewu, ndipo zonse zimene anaphunzitsa ana ndi adzukulu awo zinkanena kuti za eni usaikepo mlomo, ukapulumuka usacheuke. Koma anacheuka. A Gaspar anali ataima pa chitseko cha kontena, akuloza m'kati ndi chibwano, ndipo a Yohane anali akuvula nsapato n'kuziika bwinobwino pambali, monga munthu wolowa m'nyumba ya eni.

“Pepani, bwana,” ankatero. “Pepani.”

Agogo anasiya Yuran pamthunzi n'kubwerera. Anadutsa pakati pa amuna awiriwo n'kukhala pansi pakhomo penipeni pa kontena, msana m'kati, miyendo kunja, pamene chitseko chimayenera kudutsa. Chitsulo chinawaotcha kudzera m'chitenje. Sanasunthe.

A Gaspar anawauza kuti mdzukulu wawo watuluka, amutenge azipita, asafune zambiri. Anawauzanso mokweza. Antchito anali atangoima, ndipo anthu amene anamva phokoso anali atayamba kuunjikana pageti, amayi a Chinyungwe ndi madengu awo, madalaivala a ku Malawi odzagula zingwe, onse akuyang'ana gogo wokhala pakhomo pa kontena ndi nkhalamba yopanda nsapato.

“Munthuyu ndamubweretsa ndine, patarau,” anatero agogo. “Ngati mukutseka, thyolani kaye miyendo yangayi. Ndikuopa, musaganize kuti sindikuopa. Koma sindidzuka.”

A Gaspar anaima nthawi yaitali, dzanja pachitseko, thukuta likutsika m'khosi. Anayang'ana anthu a pageti. Anayang'ana loko m'dzanja lawo. Kenaka anamuponya m'fumbi n'kutulutsa foni. Inaitana nthawi yaitali isanayankhidwe, ndipo pabwalo panali zii moti aliyense anamva nyimbo ndi kugundana kwa mabotolo kumene kunali mwana wawoyo. Masiku onse ankalankhula naye Chipwitikizi. Lero analankhula Chinyanja, pang'onopang'ono, kuti mlonda amve.

“Dino. Bwera kuno tsopano lino. Udzandiuze pamaso pa a Yohane kuti unkanena mafuta ake ati.”